Botolo la madzi otentha mu Okutobala

Kuno ku Salima mu Okutobala ngakhale mbuzi zimathawira pamthunzi, koma ine dzulo ndinaswera pamphasa nditakumbatira botolo la madzi otentha lokulunga m'chitenje chakale. Mwana wa achemwali anga anasuzumira pakhomo. "Anti, mukumva kuzizira?" Ndinaseka, koma kusekako kunandikoka m'chinena ngati wina wakoka mbedza.

Ululuwu unayamba ndili Fomu 2. Mwezi uliwonse ndinkajomba masiku atatu, kusanza, kugubuduka pansi. Agogo ankati, "Pirira mdzukulu wanga, ukadzabereka zidzatha." Nditakwatiwa anandipititsa kwa sing'anga, ndipo mphini zake zidakalipo m'chiunomu. Kuchipatala china anandipatsa kawiri konse mankhwala a matenda opatsirana pogonana, osandiyeza n'komwe. Bambo a kunyumba ndinawakwiyira mwezi wathunthu pa mlandu umene sanapalamule. Chimenecho chimandipwetekabe mtima.

Dzina la matendawa ndinalimva mu 2021 ku Lilongwe: endometriosis. Adokotala anachita kundijambulira papepala. Tinyama tofanana ndi timene timayala mkati mwa chiberekero timamera kunja kwake, pamene pamachokera mazira, pamatumbo, nthawi zina pachikhodzodzo. Munthu ukamapita kumwezi, natonso timatupa n'kukha magazi, koma magaziwo alibe potulukira. Zikatero mkati mumachita zipsera, ziwalo n'kumamatirana. N'chifukwa chake kwa ine kupita kuchimbudzi masiku amenewo kumakhala nkhondo, ndipo za kuchipinda sindinena zambiri, amayi anzanga mwamva kale. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa amayi 10 alionse a msinkhu wobereka, mmodzi ali nawo matendawa. Ndikakhala pamsika ndimawerenga mabeseni a anzanga n'kumadzifunsa kuti mnzanga wobisa ndani pamenepa.

Mankhwala ochiziratu kulibe, adokotala sanandinamize. Ndimamwa mapiritsi olera tsiku lililonse monga anandiuzira, kuti msambo uzichepa mphamvu. Apongozi atawapeza m'chikwama changa anangoti, "Kani ndi dala?" Zaka 6 m'banja popanda mwana, ndikanawayankha chiyani? Brufen ndimamwa ndikangomva kulemera kumsana, osadikira kuti zifike povuta, ndiponso nditadya kaye chifukwa amakanda m'mimba.

Geni yanga ndi ya usipa, ndimakapikula ku Senga Bay. Ndili ndi kope limene ndimalembamo ngongole za makasitomala kutsogolo, masiku a ululu kumbuyo. Ndikaona kuti ayandikira, ndimapikuliratu wouma wambiri n'kusiyira achemwali benchi. Wa kabaza wanga anazolowera, akandiona ndagwira m'chiuno amatsika yekha pa mabampu n'kumakankha njinga. Sanandifunsepo chifukwa chake, ndipo ndimamuwonjezera kangachepe.

Chimene sindipirira nacho ndi mawu akuti "ndi ulesi chabe". Munthu wodzuka 4 koloko kukadikira asodzi kunyanja angakhale waulesi masiku anayi okha pamwezi?

Lachiwiri ndikupitanso ku Lilongwe kukajambulitsa chotupa chimene anachiona kumanzere, akaone ngati chakula moti n'kufunika opaleshoni. Ndamuuza kale kondakitala kuti andisungire mpando wakutsogolo, chifukwa wakumbuyo, pa zitunda za msewu umene uja, ndimakafika nditatheratu.