Mmene ndimatumizira asainimenti pa Moodle ndi foni chabe

Anzanga a distance amene mwayamba chaka chino, makamaka inu muli kuno ku Chipata opanda laputopu, foni yomweyo ikwana.

Funso class rep amaponya pa gulupu ya WhatsApp, koma ine ndimalowabe pa Moodle, potolo ya sukulu ya pa intaneti yomwe timatumizirapo ma asainimenti, kukaona ndekha, chifukwa pa gulupu wina ati Friday wina ati Monday, pomwe pa potolo deti ilipo mpaka ndi ola lake. Kulemba ndimalembera mu Google Docs, olo bando ithe umapitiliza kutaipa, netiweki ikabwera imasunga yokha. Za chaji sindikambanso, chichepereni madzi ku Kariba mu 2024 tonse tinazolowera kuthamangira soketi malaiti akangobwera.

Ndikamaliza ndimapita pa Share & export, Save as, ndikusankha PDF kuti ma tebulo asabalalike akatsegula a lekichala. Dzina la fayilo ndimaika computer number yanga (nambala yanga ya pa sukulu) ndi kodi ya kosi, osati zija za "final final 2". Ngati ndi masamu olemba pamanja ndimasikana ndi Google Drive, panja masana pepala lili pa tebulo, kujambula ndi kamera wamba fayilo imakula kwambiri mpaka Moodle kuikana.

Manje apa ndi pamene ambiri amagwera. Ukadina Add submission, wasankha fayilo, yakwera, wadina Save changes, mtima umati zatha. Pa makosi ena sizinathe ayi. Yang'anani pa Submission status, ngati palembedwa Draft (not submitted) ndiye kuti ntchito ikali m'manja mwanu, pali batani lina la Submit assignment, nthawi zina ndi kabokosi kochonga kovomera kuti ntchito ndi yanu, kenako Continue. Ine sindituluka mpaka pabwere mawu obiriwira aja akuti Submitted for grading, pomwepo sikirinishoti, deti ndi nthawi zioneke bwino, ndiyo mboni yako mawa akati sanalandire.

Kumene kuli Turnitin, pulogalamu yoona ngati mwakopera, peresenti ya zofanana ndi ntchito za ena siituluka pompopompo, so mukaona palibe kanthu musayambe kutumizanso. Ndipo zotumizirana fayilo yonse ndi mnzako pa WhatsApp ati "ndingoonako" zisiyeni, nonse awiri mudzaitanidwa.

Ndimatumiza usiku wa dzulo lake ndi bando ya usiku yotchipa ija. Tsiku la deadline cha m'ma 23 hours kalasi yonse imakhala ili pomwepo, peji imangozungulira.