Zomwe zili m'katoni ya sukulu yathu ya pakhonde

Amayi anzanga akamva kuti ana anga awiri ndimawaphunzitsa ndekha kunyumba, funso lawo loyamba limakhala la ndalama: "Nanga zipangizo zake mumazikwanitsa bwanji?" Ndiye lero ndati ndikutsegulireni katoni imene imakhala pansi pa tebulo pakhonde pathu kuno ku Zomba.

Ndinayamba mu 2020, sukulu zitatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19. Zitatsegulidwa, mwana wanga woyamba anabwerera m'kalasi. Wachiwiri amavutika ndi mphumu, fumbi ndi kuzizira kwa m'mawa zimamugwetsa kawirikawiri, choncho ine ndi bambo awo tinagwirizana kuti iye ndi mng'ono wake aziphunzira kunyumba mpaka atakulako.

Chinthu chimene sindingalole kuti chisowe ndi mabuku a Malawi Institute of Education, amene amalembedwa ku Domasi konkuno. Pali buku la ophunzira ndi buku la mphunzitsi, ndipo kwa kholo lachiwirili ndiye lofunika kwambiri. Limakuuza choyamba ndi chiti, chotsatira ndi chiti, ndi momwe ungadziwire kuti mwana wamva. Popanda limeneli, umangophunzitsa zomwe iwe umazikonda, zovuta n'kumazilambalala. Ine ndinabwereka kwa mlamu wanga amene ndi mphunzitsi wa pulayimale, ndipo teremu ikamayamba timakhala pansi kuona pomwe anzawo a ku sukulu afika. Ndimatero chifukwa ndikufuna anawa adzalembe mayeso a MANEB a sitandade 8 monga mwana wina aliyense. Amene muli ndi maganizo omwewa, pitani msanga ku TDC (likulu la aphunzitsi) ya m'dera lanu mukacheze ndi a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, musadikire chaka cha mayeso.

Ndalama zanga zambiri zimapita ku makope, mapensulo ndi choko. Apa sindiumira. Mwana amene akuopa kutha kope salemba momasuka. Bolodi tinapanga ndi chidutswa cha pulayiwudi chimene bambo awo anachipaka penti wakuda, n'kuchikhomera m'munsi, pamsinkhu wa ana, kuti azilembapo okha m'malo momangoonerera ine.

Zotsala zonse ndi zotola. Aphunzitsi a kuno amazitcha TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo, ndipo ndaona ndi maso anga kuti imeneyi si njira ya osauka chabe, ndi njira yabwino. Tili ndi chitini chodzaza ndi zitsekerero za mabotolo. Pa zina ndinalembapo manambala, pa zina maphatikizo: ba, be, bi, bo, bu, kenako ovutirapo monga mba, ndi, nkha, tsa. Chichewa chili ndi mwayi woti chimawerengedwa monga chimalembedwera, ndiye mwana akangogwira malembo a liwu asanu aja ndi maphatikizo, amayamba kupanga mawu yekha. Chitsirizira wanga anaika "nya" pafupi ndi "ma", n'kukuwa kuti "Amayi, ndalemba nyama!" Kuchokera tsiku limenelo amasakasaka mawu m'chitini muja popanda womutuma. Tchati chokongola chopachika pakhoma sichingamuchitire zimenezi, chifukwa sangachigwire kapena kuchisuntha.

Pa masamu timagwiritsa ntchito timitengo tomanga khumikhumi ndi mphira. Kuchotsera kobwereka, kumene kumawaliza ana ambiri, kumamveka msanga mwana akamasula yekha mtolo wa khumi n'kuona timitengo tikumwazika. Nthanga za bwemba ndi zowerengera komanso zosewerera bawo ndi agogo awo aamuna, amene sadziwa n'komwe kuti akuphunzitsa kugawa. Lachisanu timatsegula kagolosale: mapaketi otha a sopo, shuga ndi machesi, ndalama zojambula papepala, wina wogulitsa wina wogula, ndipo chenje chiyenera kukwana ndendende.

Mabuku ongowerenga kuti asangalale ndiwo amandisowetsa mtendere, chifukwa a Chichewa a ana ndi ochepa ndipo mwana amalimaliza buku tsiku limodzi. Amene muli pafupi ndi nthambi ya National Library Service, kalembetseni ana, musachite ulesi. Pa intaneti pali African Storybook, pamene pali nthano zaulere za zithunzi m'zinenero zambiri za mu Africa, Chichewa chili pomwepo. Ndikagula bandulo ndimakopera zingapo pafoni kuti tiziwerenga ngakhale netiweki itavuta. Komanso timalemba mabuku athu. Agogo aakazi akamba nthano madzulo, mawa lake wamkuluyo amailemba, wamng'ono amajambula zithunzi, ine n'kusoka mapepalawo ndi singano ndi ulusi, chikuto chake cha katoni. Mabuku amenewa ndi amene amawerengedwa mpaka kuthothoka.

Za tabuleti anthu amandifunsa kwambiri. Sindinagule, ndipo pamsinkhu uwu sindikuona kuti ndikuwamana kanthu. Foni yanga imakwanira pofuna kuwaonetsa momwe phiri limaphulikira kapena kumva katchulidwe ka mawu a Chingelezi. Ndalama imeneyo ndinagulira nyale ya sola, chifukwa magetsi akazima madzulo kuwerenga sikuima.

Sayansi timaphunzirira kudimba. Nyemba zili m'mabotolo odula pawindo, ina yothiriridwa, ina ayi, ina yotsekeredwa mumdima, ndipo m'mawa uliwonse amayeza ndi rula n'kulemba m'kope. Sabata ino ya mumdima ija yatalika kuposa zonse koma ndi yoyezuka ndi yofooka, ndipo ana akukangana chifukwa chake. Ndawauza kuti yankho tikalifunse kwa azakhali awo aphunzitsi Loweruka.