Posita ya filimu ya agogo

Magetsi abwera cha m'ma 4 koloko mmawa ndiye ndadzuka pompo kuyatsa laputopu, aphunzitsi akufuna posita ya filimu yathu Lachisanu, saizi A2, yoimirira osati yogona ngati sikirini.

Filimuyo ndi ya maminitsi 12, nkhani ya agogo anga aamuna amene anachoka ku Dedza mu 1958 nthawi ya chitaganya kudzasoka zovala ku Salisbury (Harare ya lero) ndipo mpaka lero ali konkuno ku Mabvuku, mu Harare momwemu. Sekondi iliyonse ili ndi zithunzi 25, zonse pamodzi 18,000, ine nditolepo chimodzi basi. Chikundiwawa nchoti chimene chimagwira mtima mufilimumo ndi mawu, mashini a Singer akulira kwinaku agogo akutchula midzi yomwe anadutsa pobwera, nanga pepala lingalire bwanji.

Ndinayamba ndi nkhope yawo pomwe akunena kuti "sindine mtchona ine", koma chithunzi chochotsa mu vidiyo ndi timadontho 1920 kwa 1080, pochipulinta pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi) chimangokwana masentimita 16 kwa 9 pomwe A2 ndi 42 kwa 59.4. Nditachikoka maso awo anasanduka timabokosi tokhatokha, zinandipweteka kwambiri.

Masana ndabwereka kamera kupita kukawajambulanso. Ndawapeza pakhonde tepi ili m'khosi akupinda buluku la mwana wasukulu. Ndati agogo tayang'anani kuno, iwo akuti "iwe isiye nkhopeyi, jambula manjawa, ndi amene analera amako." Ndagwada pansi ndithu kujambula manja ali pansalu, chala chamkombaphala chili ndi chipsera pomwe singano inaboola kalekale, choko choyera chadzaza m'zikhadabo, ndipo nditaona pa kamera ndinachita kumva mashini aja m'makutu ngakhale anali ataima. Posita ndi imeneyo, manja m'munsi, pamwamba mdima ndi dzina la filimu, zina zonse ndafufuta.

Kenako kombi kupita mtauni kukapulinta yoyesera. Kufiira kwa nsalu kwazilala chifukwa fayilo inali RGB, mitundu ya pa sikirini, pomwe makina amafuna CMYK, mitundu ya inki, achimwene apashopu andiuzanso ndiwonjezere chithunzi ndi mamilimita 3 m'mbali monse kuti podula pasatsale mzere woyera.

Madzulo ndawaonetsa agogo, ayang'ana nthawi yayitali kenako akuti pansi pa dzina lawo ndilembepo Dedza. Ndikulemba pano magetsi asanathime.