Kwa adada a pakhonde, ndi nonse amene munandigwira dzanja

Ndafika kunyumba usiku wapitawu cha m'ma 11, miyendo yotupa, ndipo chikwama chikadali pakhomo chosamasula. Koma ndati ndilembe lero lomwe mtima ukadali wotentha.

Ambiri mukudziwa kale za kugwa kwanga pa njinga ya kabaza kumapeto kwa Meyi, ndikubwerera kuno ku Zolozolo mvula itangosiya. Sindibwerezanso. Dzanja lamanja, chikhakha masabata 6, ndipo chionetsero cha ntchito zamanja ku Lilongwe chinali pakati pa Julaye, malo nditalipira kale. Tsiku limene ndinagwalo chofunda changa chachikulu cha zigamba, chimene ndinkasokera chionetserocho, chinali ndi mabuloko (zigawo za makona anayi zolumikiza zidutswa za nsalu) 17 okha mwa 42. Ndili pabedi kuchipatala ndinkangowerenga otsalawo m'mutu, 25, 25, mpaka misozi. Bambo akunyumba anati ingoimbira anthu aja uwauze kuti chaka chino zakanika. Ndinatenga foni kawiri, kawiri konse ndinaibwezera pansi pa pilo.

Adada, inu mulibe Facebook, koma mdzukulu wanu wandilonjeza kuti akuwerengerani zonsezi osadumpha mzere. Mumve bwino.

Kwa amene simuwadziwa, awa ndi atelala achikulire amene amasoka pakhonde pafupi ndi msika waukulu. Kwa zaka 5 akhala akundisungira zidutswa za zitenje m'thumba la feteleza, zotsala akadula madiresi a anthu. Sanandilipiritsepo. Koma ntchito yangayi sankaikhulupirira, ndipo sankabisa. Ankati mwana wanga, ife tinakula titavala zigamba chifukwa cha umphawi, iwe ukufuna munthu atulutse ndalama kugula zigamba? Ndiye tsiku lachitatu nditatuluka m'chipatala, cha m'ma 4 madzulo, ndinangomva odi pakhomo. Anali iwo, mutu wa makina awo a Singer atauzenga m'bulangete pa njinga yakapalasa, miyendo yake ikubwera pambuyo ndi mnyamata wa wilibala. Makina anga ndi amagetsi, ndipo masiku amenewo magetsi ankazima nthawi iliyonse. Iwo anati awa opondaponda sadikira munthu. Anakhala pansi n'kunena kuti tandionetsa zigamba zakozo zimayenda bwanji.

Munthu wosoka masuti ndi mayunifolomu zaka zoposa 40 anakhala pa mpando wa ana anga asukulu kuti ine ndimuphunzitse. Kasokedwe kake ndi kaja kotchedwa Log Cabin, kamene amayi a ku America anakatchukitsa m'zaka za m'ma 1800. Pakati pamakhala kachidutswa kofiira, kamene amati ndi moto wa m'nyumba, ndiyeno umazunguliza timizere ta nsalu, mbali ina towala mbali ina toderako. Buloko iliyonse yanga inali ndi zidutswa 13, chofunda chonse 546. Msoko uyenera kukhala mamilimita 6 paliponse. Ukangotaya pang'ono pa chidutswa chimodzi, pofika kumapeto kwa mzere makona sakumana. Telala anazolowera kusiya msoko waukulu kuti mwini chovala akanenepa adzachikulitse, ndiye mabuloko awo atatu oyamba anatuluka aang'ono. Ine ndinachita manyazi kuwauza. Anaona okha. Anawaika pamwamba pa anga, n'kukhala chete, kenako anatulutsa lezala m'thumba la malaya n'kuyamba kusula ulusi umodziumodzi, mapini ali kukamwa, tochi ya foni mwana wanga atawagwirira. Atatha anadula kachidutswa ka selotepi n'kumata pa makina poyezera msoko. Kuchokera pamenepo sanaphonyenso.

Masabata 5 anachita zimenezi. Ankatseka pakhonde pawo msanga, nthawi imene anthu ochokera kuntchito amabweretsa zoti asoke, ndipo ndikudziwa ndalama zimene anataya ngakhale sananenepo. Kuzizira kwa Juni kuno ku Mzuzu nonse mukukudziwa, kumene zala zimakana kugwira singano. Tinkayatsa mbaula pakati pa nyumba, makala omwewo n'kuthira mu simbi yositira misoko. Tsiku lina lamba wa makina anaduka titatsala ndi mabuloko 4. Anaboola ndi msomali, kulumikiza ndi waya, n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Mulungu wa kumwamba, inu amene mumaona zochitika m'nyumba zotseka, muwakumbukire bambo amenewa, muwasungire maso awo ndi mawondo awo.

Sindikuiwala ena. Amayi 7 a kalasi langa la Loweruka, inu munagwira gawo lopweteka msana. Chofunda chimakhala ndi nsalu zitatu, ya zigamba pamwamba, yofunditsa pakati, ndi ina pansi, ndipo zonsezi ziyenera kugwirana. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zoika pakati zogula kusitolo sindizikwanitsanso, ndiye tinaika bulangete lopepuka la pa kaunjika, lochapa kawiri. Munayala zonse pa simenti ya kutchalitchi, masentimita 180 m'lifupi ndi 210 m'litali, n'kugwada masiku atatu mukusoka pamanja kuyambira pakati kupita kunja kuti pasachite makwinya. Mmodzi wa inu anabwera ndi khanda kumsana. Mlamu wanga wa ku Chibavi, zikomo chifukwa chochapa zitenje zonse zija tisanadule, mukanapanda kutero chofiira chija chikanasuluka n'kuononga zonse. Mayi amene mumagulitsa nsalu ku Taifa Market, munandipatsa mamita 5 a nsalu yapansi pa ngongole, yomwe munali mutangobwera nayo kuchokera ku Tanzania, osalemba paliponse. Mawa m'mawa ndikubwera nayo ndalama yanu. Bambo a ana anga, mwaphika nsima masabata 6 osadandaula, ndipo mwandimanga chitenje m'chiuno m'mawa uliwonse. Zina ndikuuzani m'nyumba.

Pali ena amene tinkadya limodzi pamene maoda ankabwera, amene analemba pagulu kuti tili nawe limodzi, koma pakhomo panga sanapondepo. Ena mwa iwo ndi amene ayamba kuimba lero m'mawa kufunsa kuti chagulidwa zingati. Sindikusunga chakukhosi. Koma zinandiwawa, ndipo ndikanama ndikati sizinandiwawe.

Ulendo wa ku Lilongwe unali wa basi yausiku, makilomita oposa 350 pa M1. Chofundacho ndinakana kuti chikwere kumbuyo ndi matumba a mbatata, ndinachifungata pamiyendo ngati mwana njira yonse. Mu Chikangawa munali chifunga choti dalaivala ankangoyenda ngati akuperekeza maliro, ndipo ine ndinkapemphera chamumtima kuti Ambuye, mwatifikitsa apa, musatisiye m'nkhalango muno. Pa Jenda wapolisi wamkazi anati nditsegule chikwama. Ataunika ndi tochi anaitana mnzake kuti adzaone, n'kundifunsa ngati ndimaphunzitsa. Tinadutsa Kasungu kukadali mdima ndipo tinalowa mu Lilongwe kukucha.

Sindinapate mphoto, ndinene zoona. Panali anthu osoka bwino kwambiri, ena ochokera ku Blantyre ndi ku Zomba, ndipo ndaphunzira kamangidwe ka m'mphepete kamene ndikufuna tidzayese tonse. Koma atachipachika chofunda chathu pakhoma, ndinaima patali n'kuona kwa nthawi yoyamba mmene mbali zowala ndi zoderazo zikupangira mizere yodutsa chopingasa kuchokera kona ina kufika ina. M'nyumba mwanga mulibe malo oti uime patali chonchi. Ndinalira pamaso pa anthu. Mayi wina wachikulire anayandikira n'kuloza kachidutswa kena kobiriwira, akuti chitenje ngati ichi mayi anga anali nacho. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Tsiku lachiwiri anabweranso ndi mwana wake n'kuchigula. Zikwama ndi mapilo ang'onoang'ono zinatha zonse kupatula ziwiri. Ngongole zonse za nthawi ya matenda zitheka, ndipo gulu lina la amayi a ku Area 25 landipempha kuti ndikawaphunzitse masiku atatu mu Seputembala.

Pa kapepala kofotokoza amene anasoka ndinalembapo mayina awiri, langa ndi lanu adada. Ndinakuimbirani pa foni ya mdzukulu wanu chitangogulidwa, ndipo munakhala chete mpaka ndinaganiza kuti mayunitsi atha. Kenako munati, zigamba zomwe zija? Eya adada, zomwe zija. Za m'thumba lanu la feteleza.

Gawo lanu la ndalama mwalikana kale kawiri, koma ndibwera nalo ndithu, pamodzi ndi lamba watsopano ndi mafuta a makina, ndipo ulendo uno ndidzera kwa amama kunyumba kuti musapeze pokanira. Yewo chomene, adada. Tawonga.

Kalasi liyambiranso Loweruka likubwerali 9 koloko m'mawa, malo omwe aja. Dzanja silinayambe kugwira sizasi bwinobwino, ndiye wodula akhala wina, ine ndizingoyang'anira. Bwerani ndi zidutswa zanu zochapa ndi zosita kale. Adada anena kuti abwera kudzaona mmene timasokera m'mphepete, ndiye wina abweretse mpando wokhala ndi chotsamira.