Nthochi idadyedwa, koma ntchito idatsala

Mu 2019, pa chionetsero cha zaluso cha Art Basel ku Miami, mmisiri wa ku Italy, Maurizio Cattelan, adamata nthochi pakhoma ndi tepi n'kuitcha Comedian. Mmisiri wina adaimatula n'kuidya anthu akuona, koma eni ake adangomatapo ina, ponena kuti ntchitoyo sidaonongeke. Mu 2024 idagulidwa pamtengo wa madola 6.2 miliyoni ku Sotheby's, kampani yogulitsa zinthu pa okushoni, ndipo wogulayo naye adaidya, chifukwa chimene adagula kwenikweni ndi chikalata chomulola kumata nthochi ina motsatira malangizo.

Poyamba ndidaseka, koma funso lidanditsalira mumtima: ngati chinthucho chingadyedwe ntchito n'kukhalapobe, kodi ntchitoyo imakhala pati?

Funsoli ndi lakale kuposa nthochiyi. Mu 1917, ku New York, mmisiri wa ku France, Marcel Duchamp, adapereka ku chionetsero mbale yokodzeramo amuna yogula m'sitolo, atailemba dzina lakuti "R. Mutt" n'kuitcha Fountain. Bungwe lokonza chionetserocho, la Society of Independent Artists, lidali litalonjeza kuonetsa ntchito ya aliyense wolipira, komabe iyi lidaikana. Mbaleyo idasowa, ndipo chidatsala ndi chithunzi chimene adajambula Alfred Stieglitz, kotero kuti zimene zili m'nyumba zosungiramo zaluso masiku ano n'zongofanizira. Duchamp sadaumbe kanthu, iye adangosankha, ndipo potero adachotsa luso m'manja n'kuliika m'mutu. Mmisiri wa ku America, Sol LeWitt, adapitiriza njira yomweyo, pakuti ankalemba malangizo, anthu ena n'kumajambula pakhoma iye kulibe.

Ntchito imene ndimaipatsa ulemu kwambiri ndi One and Three Chairs ya Joseph Kosuth, ya mu 1965. Pali mpando weniweni, chithunzi cha mpandowo, ndi tanthauzo la liwu lakuti mpando lochokera mu dikishonale. Woonayo amakakamizika kudzifunsa kuti mpando ndi uti pa zitatuzi: mtengo wokhalapo, maonekedwe ake, kapena ganizo limene limatichititsa kuzindikira mipando yonse ngakhale ili yosiyana. Plato, filosofe wakale wa ku Greece, adakambapo zofanana ndi zimenezi, ndipo adaika wojambula pamapeto penipeni monga munthu wongotsanzira chimene kalipentala adatsanzira kale. Kosuth adabweza mlanduwo, chifukwa apa mmisiri ndiye akufunsa funso la afilosofe, ndipo akulifunsa ndi zinthu zooneka m'malo mwa mabuku.

Sindikana kuti pali chondidetsa nkhawa. Ngati chinthu chimasanduka luso chifukwa chakuti nyumba yotchuka yachilandira, ndiye kuti mphamvu ili ndi eni nyumbazo ndi ogula olemera, ndipo wosema amene watha zaka makumi awiri akuphunzira kugwira sompho ali ndi chifukwa chodandaulira. Mpando wa Kosuth umandipatsa choganiza ngakhale sindikudziwa mtengo wake, pamene nthochi ya Cattelan, mukaichotsera madola aja, ndimaona kuti ikungobwereza zimene mbale ya Duchamp idanena kale mu 1917.