Lachitatu: mapiritsi a Bambo apezeka kunsi kwa bedi

Mayi ndiwo awapeza posesa. Aspirin, enalapril ndi aja ochepetsa mafuta m'magazi, onse m'kachitini ka majarini. Ndiye kuti m'mawa uliwonse Bambo amalandira, kumwa madzi okha, mapiritsi n'kufumbata. Munthu amene anatsala pang'ono kutisiya mtsempha wa mtima utatsekeka.

Koma chandisowetsa tulo ndi achimwene. Ndawaimbira ndikuweruka, yunifomu ndisanavule, iwo n'kuyankha mosavuta: "Iwe, Bambo ndi liuma basi. Nkhawa zake ziti, ana tonse tili pantchito? Vuto ndi tulo, ndipo ndakonza kale." Kukonza kwake, mnzawo wina wawagawira amitriptyline woti Bambo azimwa pogona.

Ndinaima pakati pa msewu. Ndinati achimwene, pepani, amenewo musawapatse. Amitriptyline ndi mankhwala akale a matenda ovutika maganizo, amagonetsadi, koma amasokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo munthu amene wangodwala kumene ngati Bambo sapatsidwa. Iwo amvekere: "Anamwino inu chilichonse n'choopsa." Kenako ayamba zoti malemu agogo analima mpaka tsiku lomaliza osadandaula. Ndinangoti chabwino, chifukwa ndikanayankha tikanayambana.

Liuma la Bambo ndimalidziwa, limakhala ndi phokoso. Izi n'zina. Wayilesi yomwe samalola aliyense kukhudza yachita fumbi. Bawo ya pansi pa mtengo wa mango anasiya, anzawo akabwera amauza Mayi kuti anene kuti agona. Nsima amangotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Lamlungu ndinawafunsa ngati tingayende pang'ono kukafika pa mjigo, iwo akuyang'ana khoma: "Mwanawe, zonsezi n'kungokutayitsani ndalama."

Mwa anthu asanu amene apulumuka matenda ngati a Bambo, pafupifupi mmodzi amagwera m'matenda ovutika maganizo. Ku Montreal mu 1993, Nancy Frasure-Smith ndi anzake anatsatira odwala 222 otere, n'kupeza kuti ovutika maganizowo ankamwalira kwambiri kuposa anzawo pa miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira. Zina zimachitikira m'thupi momwemo, koma gawo lalikulu ndi lomwe ndikuliona ndi maso: munthu amasiya mankhwala, amasiya kuyenda, tsiku la kuchipatala amalijomba. Mtima wodwala kalewo umangotsala wokha.

Ndikupsa mtima ndi achimwene, komatu nafenso ku kiliniki yathu timatani? Mzere umafika panja. Timayeza BP, sikelo, kufinya akakolo kuona ngati atupa, kulemba m'kabuku, wina alowe. Bungwe la American Heart Association linanena kale mu 2008 kuti odwala mtima azifunsidwa mafunso awiri okha: pa masabata awiri apitawa, mwakhala osasangalala ndi zomwe mumakonda? Mwakhala okhumudwa kapena otaya mtima? Mafunso a PHQ-9, mndandanda wa mafunso oyezera matenda ovutika maganizo womwe umayamba ndi awiri omwewa, alipo ngakhale m'Chichewa. Kufunsa sikudya nthawi. Chimene timaopa ndi yankho, poti munthu akayamba kulira pampando paja, panja pali anthu ena makumi akudikira.

Lero ndatopa moti ngakhale tiyi wazizira ndikumuyang'ana. Aneba akuimba kwaya yomweyomweyo kuyambira madzulo.

Chimandivuta n'choti sindingalonjeze achimwene zambiri. Sertraline, mankhwala ena a matenda ovutika maganizo, anayesedwa mu 2002 pa anthu odwala mtima ngati Bambo ndipo anapezeka kuti sauvulaza, ngakhale akaphatikizana ndi aspirin pamafunika kusamala za kutaya magazi. Koma kafukufuku wamkulu wa ENRICHD mu 2003, wa odwala mtima ovutika maganizo kapena osowa owalimbikitsa oposa 2,400, anaonetsa kuti uphungu unapepusako maganizo koma imfa sizinachepe. A ku South Korea mu 2018 ndiwo anapeza kuti odwala mtima omwe anamwa escitalopram, mankhwala enanso a matenda ovutika maganizo, anakumana ndi mavuto a mtima ochepa patapita zaka pafupifupi 8. Ndiye sindinganene kuti tikachiza maganizo, mtima wachira. Ndingangonena kuti munthu amene wayambanso kufuna kukhala moyo amameza mapiritsi ake, ndipo kwa ine zimenezo n'zokwanira kuyambirapo.

Mayi anandiimbiranso usiku, akunong'ona. Akuti ndisawauze Bambo kuti kachitini kapezeka, achita manyazi. Nanga ndiyambira pati? Ndikatchula za maganizo, iwo amva Zomba, amva misala, ndipo kukamwa atseka. Mwina ndipemphe adokotala awafunse okha Lachisanu tikapita nawo kuchipatala, ife tituluke panja. Mwina abusa, koma abusa athu angoti pempherani kolimba.

Achimwene atumiza uthenga pa WhatsApp wofunsa za amitriptyline uja: "Ndiye mapiritsi ajawa ndiwataye?" Ndayankha kuti eya, m'chimbudzi. Awerenga, sanayankhe. Mawa ndili pa shifiti ya m'mawa, ndipo sindikudziwabe ngati Lachisanu Bambo avomera n'komwe kukwera minibasi.