Makina a chiponde, sabata lachisanu: chitini cha amalume ndachibweza pashelefu

Loweruka ndinafika pa gawo lomwe ndakhala ndikulizemba: kuboola shafti (mtengo wachitsulo wozungulira m'makinamo) ya stainless steel, chitsulo chosachita dzimbiri, ndi kudulamo mazinga. Chitsulo chimenechi n'chamwano. Biti yoboolera ikangopalapala osaluma, pamalopo pamatentha n'kulimba kuposa poyamba. Mabiti awiri anathera pomwepo tisanadye nsima yamasana.

Ndiye ndinakumbukira chitini cha mafuta odulira zitsulo chomwe amalume anandisiyira atatseka shopu yawo. Madontho atatu okha, biti inalowa ngati mu mbatata yophika. Ndinasangalala mpaka nditawerenga pachitinipo: chlorinated paraffin.

Mwana wanga anafunsa ngati ndi palafini wa m'koloboyi. Ayi ndithu. Awa ndi mafuta olemera, onanda, omwe anawaphatikiza ndi klorini kufakitale. Pamene biti ikukhuzana ndi chitsulo, kutentha kumamasula klorini uja, iye n'kupanga kansalu kopyapyala koterera, motero zinyenyeswa sizikakamira pa mano a biti. Mankhwala omwewa amafewetsa pulasitiki ya PVC, amawaikanso mu penti ndi m'malamba a labala a m'migodi kuti asamayake msanga.

Vuto lake sawola. Amaunjikana m'mafuta a m'thupi la nsomba ndi la anthu, ofufuza anawapeza ngakhale mu mkaka wa m'mawere. Mtundu wina wa mafutawa, womwe amautcha wa tcheni chachifupi (makaboni 10 mpaka 13), unaikidwa mu 2017 pa mndandanda wa mankhwala oyenera kuthetsedwa pansi pa pangano la Stockholm, lomwe ndi mgwirizano wa maiko wothana ndi mankhwala oopsa osawola. Chitini cha amalume n'chakale kuposa chaka chimenecho, choncho mwina muli mtundu umenewu.

Tsono shafti imeneyi ndi yomwe izidzapera mtedza wodya ana anga! Ndinaitsuka katatu ndi sopo ndi madzi otentha, koma m'mazinga mtima sunakhazikike, choncho nsongayo ndinaidula n'kuyambiranso ndi mafuta ophikira. Akufuka utsi, akuchedwetsa, komabe ndikamapanikiza biti mwamphamvu pa liwiro lochepa ikudya.

Sanza zopukutira ndinatsala pang'ono kuziponya pamoto wa zinyalala monga mwa chizolowezi. Utsi wake umatuluka ndi asidi wa klorini, mwinanso poizoni wotchedwa dioxin. Zili m'chigubu chotseka, pamodzi ndi madzi otsukira aja, kutali ndi ngalande.

Kwatsala mabowo anayi ndi chogwirira. Lolemba ndikagule mabiti a cobalt, a 6 mm awiri.